Phapo la a Wezulo

Apongozi anga aamuna amawolotsa ana pamsewu wa kutsogolo kwa sukulu. Ana anawapatsa dzina loti a Wezulo, chifukwa akaliza wezulo kamodzi ngakhale lole imagwada. Fodya anasiya, koma mochedwa.

Chifuwa chitakana mankhwala, ndine ndinawaperekeza kuchipatala, khanda lili kumsana. Anawapeza ndi khansa m'phapo la kumanja.

Dokotala, mayi wofatsa, anatiuza kuti phapolo lili ndi zigawo zitatu, ndipo akufuna kuchotsa chimodzi chonse, pamodzi ndi timibulu ta m'mbali mwake momwe matenda amakonda kubisala.

"Chonse?" anatero apongozi. "Bwanji osangobudula powolapo? Nanga wezulo ndiziliza ndi mphuno?"

"Chotupacho chikanakhala chaching'ono tikanabudula, bambo. Chanuchi chakulako. Tikadula moumira, mpweya mutsala nawo wambiri, koma matendawa akhoza kuphukanso."

"Mukachotsa chonse ndiye sabwera?"

"Sindingalumbire. Koma mpata wake umachepa."

Kunyumba anakhala pakhonde, n'kukanitsitsa za opaleshoniyo. Mwana wawo, amuna anga, anawakalipira mpaka kutopa. Ine mpongozi sindikanakweza mawu. Ndinangowaikira madzi osamba, n'kunena ndili chogwada kuti, "Bambo, mwana wanga wamkuluyu ayamba sukulu chaka chamawa. Msewu uja ine ndimauopa."

Anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mwandimangatu manja."

Madokotala sanawang'ambe chifuwa monga tinkaopera. Anaboola timabowo m'nthiti n'kulowetsa kamera ndi zipangizo. Atatsitsimuka anapempha kalilole kuti aone bala, ndipo anakhumudwa.

"Kameneka? Anzanga akandikhulupirira kuti ndinachitidwa opaleshoni?"

Anesi anawapatsa kachipangizo kokhala ndi timipira toti azikweza pokoka mpweya. Ankachita nako khama ngati mayeso, ine ndikuwasungira pilo pabala akamakhosomola.

Pano anabwerera pamsewu. Mpweya ndi wochepadi, akayenda pang'ono amaima kaye. Amapitabe kukajambulidwa, ndipo mpaka lero sichinaoneke chilichonse. Ulendo uliwonse mtima wanga umakhala m'mwamba mpaka atatuluka.

Dzana ndinawaona akuwolotsa ana pang'onopang'ono, dzanja lili m'mwamba. Dalaivala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, changu! Mukuyenda ngati mkwatibwi bwanji?"

Apongozi anaima pakati pamsewu, n'kupuma kaye.

"Mphwanga, ine ndinasiya chigawo cha phapo kuchipatala kuti ndikhalepo pano. Iwe ukulephera kusiya mphindi imodzi? Ponda buleki."