Kompyuta yaukitsa amuna anga, ine yandifafaniza

Munda wanga wa mpunga ukupita ine ndikuona. Chifukwa chake? Kompyuta ya ku ofesi ya sikimu yathu kuno ku Chia. Ndapsa mtima, ndipo sindibisa.

Amuna anga, a Saidi, anamwalira chaka chatha. Nditatuluka m'eda, nthawi yolira mwamuna pa Chisilamu, ndinapita ku ofesiko ndi mboni ziwiri, munda n'kulembedwa m'dzina langa. A kalaliki anatayipa ine ndikuona. Ndinapempha kapepala. Anaseka. Ati mapepala anapita ndi chipani chimodzi, ano ndi masiku a matipate, zonse zili m'makina.

Lolemba ndinafika 7 koloko m'mawa kudzalembetsa madzi a m'ngalande a chaka chino. Pabenchi mpaka 11 koloko. Kenako a kalaliki atulukira, ati kompyuta inapsa ndi mphenzi, ndibwere Lachinayi, kukubwera katswiri wa ku Lilongwe. Ati ndisadandaule, Lachisanu lililonse amakopera zonse pa timbale tapulasitiki totchedwa madisiketi.

Lachinayi 8 koloko ndinali pakhomo. Katswiri uja ndinamupeza thukuta lili kamukamu, madisiketi khumi ndi awiri atawayala patebulo. Waika yoyamba, mulibe kanthu. Yachiwiri, nkhungu yokhayokha. Yachitatu, chimodzimodzi. Anawafunsa a kalaliki ngati anatsegulapo disiketi n'kamodzi komwe kuti aone ngati zinalowadi. Ati ayi, iwo amangolowetsa, kagetsi kakaphethira n'kutulutsa.

Zaka ziwiri zathunthu! Ine wosapita patali ndi sukulune, ndikasunga mbewu ndimakasuzumira ngati anankafumbwe sanalowemo. Ndipo sindiika malo amodzi, ina imakhala kwa achemwali anga ku Ngala. Iwo madisiketi onse mu dilowa imodzi, pansi pa denga lodontha. Sukulu yake ndi iti imeneyi?

Inatseguka imodzi yokha, yomwe anasiya anthu amene anabweretsa kompyutayo zaka ziwiri zapitazo. Anabwezeretsa imeneyo m'makina atsopano. Cha m'ma 2 koloko a kalaliki anandiitana.

"Amayi, dzina lanu mulibemo. Puloti 46 ndi ya a Saidi."

"A Saidi anamwalira. Inu munabwera pa sadaka yawo, munadya mpunga wa m'munda womwewo."

"Ndikudziwa, mayi, koma makina sakudziwa. Kuti tisinthe, mwini wake abwere asayine."

Ndinafunsa za buku lakale lija ankalembamo ndi manja. Ati linkangodzaza malo, anapatsa mayi wogulitsa zitumbuwa panja kuti azikulungira. Mboni zanga ziwiri? Ati mboni zikaonekera ku komiti, ndipo komiti ikhala mwezi wamawa.

Mwezi wamawa! Nazale yanga yakula, kuwokera ndi sabata yamawa. Wopanda dzina sapatsidwa madzi. Ndipo alamu anga a Juma, achimwene awo a malemu, amene akhala akuulakalaka mundawu chiikireni maliro, anamva msanga. Lachisanu anali kale pa benchi lomwelo, ati munda wa m'bale wawo ulibe mwini. Ana anga atatu amadya za m'munda umenewu. Ndilibe wina.

Anzanga a m'sikimu, pitani mukaone ngati mukadali amoyo m'makinamo. Ndipo musachoke popanda pepala la chidindo, akuseke akusekeni.

Inu akuluakulu a ofesi, ndiyankheni. Ndani ankayang'anira ntchito imeneyi? Bwanji cholakwa chanu ndichisenze ine?

A kalaliki, mwati mwini wake asayine? Chabwino. Lolemba 7 koloko ndibwera kudzakutengani. Musaiwale cholembera. Ali kumanda a kuseri kwa mzikiti, mzere wachitatu, pafupi ndi mtengo wa mango. Ine ndinawalirira miyezi inayi ndi masiku khumi, sanadzuke. Mukawadzutse inuyo, poti ndinu munawaukitsa.