Nkhope ya a Benado pa Bolodi la Vidiyo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, ndipo sanachite kundifunsa. Sukulu ndinali nditaisiyira mu Fomu 1, nditagulula dzino la mnyamata wina amene anang'amba kope langa la zojambula. Miyezi ingapo ndinangokhala pakhomo, kumajambula magalimoto ndi makala pakhoma la bafa, mpaka mayi anatopa nane. Tsiku lina m'mawa amalume anandikweza panjinga, ulendo wa ku Muloza, n'kukandisiya kwa a Namakhwa amene ankalemba zikwangwani kuseri kwa msika. Anawauza kuti mwanayu dzanja ali nalo koma mutu ndi wamoto, akavuta asachite kutumiza uthenga, angomuthamangitsa.

A Namakhwa anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zala zosayera ngakhale atasamba chotani. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira burashi yolembera. Yanga inali sandipepa basi. Kupala pulayiwudi mpaka isalale, kupaka andakoti, penti yoyera yoyambira ija, kawiri, kudikira iume, kutsuka maburashi m'palafini, kuwapukuta ndi sanza, kuwaimika m'chitini ubweya uli m'mwamba. Ndikaiwala burashi n'kuuma ndi penti, ankaitola, kuiyang'ana, n'kundipatsa m'manja osanena kanthu. Zimenezo zinkandipsetsa mtima kuposa kutukwanidwa.

Ntchito zambiri zinali za maokala, ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala a ziweto, koma zimene ndinkazidikira ine zinali za mavidiyo sho. Mwini vidiyo ankabweretsa chikuto cha filimu, ife n'kuchikulitsa pabolodi loti akaimike panjira. Kachitidwe kake n'kotere. Pachikutopo umalemba timabokosi ndi rula ndi pensulo. Pabolodi umalembanso mabokosi omwewo koma aakulu, pomenya chingwe chopaka choko. Ukatero umasamutsa chithunzicho bokosi ndi bokosi, ndi makala, osathamanga. Penti imayamba ndi zakumbuyo, kenako thupi, kenako nkhope, mawu pomalizira penipeni. Chaka chisanathe ndinali nditazidziwa zonsezi, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti nkhope ndimazitha kuposa a Namakhwa. Iwonso ankadziwa, koma sananenepo.

Moyang'anizana ndi shedi yathu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Benado. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo aliyense ku Muloza ankadziwa kuti paunyamata wawo anali katswiri wa nkhonya ku Kelimani. Ntchito yawo inali kusunga njinga ndi matumba a anthu owoloka malire kupita ku Milanje, tsidya la Mozambiki. Analibe tcheni, analibe loko. Njinga zinkangotsamira mtengo, iwo ali pakireti, thaulo litaphimba dzanja lamanja, chipewa chitapendekera diso lamanzere. Panalibe wakuba woyerekeza. Ankati munthu womaliza kuyesa anadzukira kuchipatala ku Boma osakumbuka dzina la amake. Kaya zinali zoona kaya ayi, chakudya cha a Benado chinali mantha amenewo.

Ine ndinkawayang'ana tsiku ndi tsiku ndikupala mabolodi, ndiye ndinaona zimene anthu odutsa sankaona. Dzanja la pansi pa thaulo lija linkanjenjemera, zala zake zitapindika. Diso la pansi pa chipewa linali ndi ng'ala. Sindinauze munthu. Ndinkawalemekeza madala amenewo. Nthawi zina ankandiitana kuti iwe wapenti, bwera kuno, n'kundionetsa kaimidwe ka miyendo ndi kabisidwe ka chibwano, n'kumandiseka kuti munthu wopsa mtima ngati ine angagwe mu raundi yoyamba.

Ndiye sabata ina a Namakhwa anaitanidwa ku Boma kukalemba pakhoma la sukulu, ntchito ya masiku atatu. Anandisiyira kiyi wa shedi. Tsiku lomwelo anatulukira a Jailosi, mwini vidiyo ya pafupi ndi siteji ya akabaza, atanyamula chikuto cha filimu yakalekale ya nkhonya. Ankafuna bolodi likhale litaima tsiku la msika.

Chikuto chimenecho ndimachionabe m'maso mpaka lero. Chinali chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, m'mbali mwake mutachita chikasu ndi ukalamba. Wankhonya wachikulire atakhala pakampando pangodya ya bwalo, zingwe kumbuyo kwake, mapewa atagwa, magolovesi atapachikidwa pakhosi. Kumwamba kababu kamodzi, mipando ya oonerera yopanda munthu. Thupi lonse linkaoneka bwino, koma pankhope ndi padzanja limodzi panali patalowa mvula, pepala n'kusupuka. Mabokosi asanu ndi limodzi opanda kanthu.

Ndinawauza a Jailosi kuti nkhope palibe, ndikopera chiyani? Iwo anaseka, n'kuloza ndi mlomo kumtengo wa mango.

"Nanga nkhalamba ya nkhonya tikaifune kuti? Siiyo yakhala apoyo? Ikapo imeneyo, anthu adzadzaza."

Kuseka kwawoko kunandinyansa, ndipo pang'ono ndiwabwezere chikuto chawo. Koma kunyada kunandigwira. Ndinati mumtima, mukufuna museke eti? Ndiwajambula madalawa mpaka aliyense wodutsa avule chipewa. Ndipo a Namakhwa akabwera aone kuti akhala akupalitsa mabolodi munthu wotani.

Masiku awiri sindinadye bwino. Pakhungu ndinasakaniza penti yofiira, yachikasu ndi kadontho ka yakuda, n'kuisungunula ndi palafini kuti ioneke yakale ngati ya pachikuto. Ndinkasuzumira pamng'alu wa shedi, kubwerera pabolodi, kusuzumiranso. Makwinya a pachipumi, mphuno yophwanyika ija, chipsera cha pansidze. Pofika padiso ndinatenga kaburashi kakang'ono kwambiri n'kuikapo ng'ala ija monga inalili. Pofika padzanja ndinalijambula lili poyera pabondo, lowonda, zala zitapindika, thaulo litagwa pansi. Sindinaganize n'komwe. Ndinkangoona kuti ndi zoona, ndipo zinkakongola mochititsa chisoni. Nditamaliza ndinaima patali n'kuliyang'ana bolodilo. Sindinajambulepo chinthu chabwino chotero, ngakhale pambuyo pake.

Tsiku la msika a Jailosi anatuma anthu awiri kudzanyamula bolodi, n'kukaliimika pamsewu penipeni, malo oti munthu ukaima umaona bolodi uku, mtengo wa mango uku. Anthu anaunjikana nthawi yomweyo. Poyamba zinali zimene ndinkafuna. Amayi ena anagwira pakamwa, abambo ena ankafunsa kuti wajambula ndani, ine ndili chapafupi ndi malaya anga a penti kudikira kulozedwa. Kenako wina anati, koma dzanjali bwanji? Wina anati, diso ili ndi lakufatu ili. Ndipo ndinaona mitu ikutembenuka, bolodi, mtengo, bolodi, mtengo.

Panali wakabaza wina dzina lake Sitivi, wamwano, wokonda kuseketsa anzake. Anatsika panjinga yake, n'kuyenda monyang'wa mpaka pakireti, n'kupereka moni waulemu wabodza. Kenako anangosolola thaulo lija. Dzanja la a Benado linatsala poyera, likugwedezeka pabondo ngati nkhuku yodulidwa mutu, msika wonse ukuona. Iwo anayesa kuligwira ndi linzake. Akabaza anafa nacho chiseko. Sitivi anayamba kudumphadumpha mowazungulira, zibakera m'mwamba, akuwaitana kuti dzukani achampiyoni, belu lalira. Anatenga njinga ya munthu wina pamtengopo n'kuyamba kuizungulitsa, akumadutsira dala mbali ya diso la ng'ala. A Benado anaimirira. Anaponya chibakera chimodzi chamanzere, champhamvu ndithu, choti chikanapeza munthu bwenzi tikunena zina. Chinapeza mphepo. Anapepesuka n'kugwera panjinga za anthu, zonse n'kugwa nawo.

Za pamenepo sindikumbuka bwino. Ndikudziwa kuti ndinamugwetsa Sitivi panjinga ija n'kumukhalira pachifuwa, ndipo anzake atatu anandichotsapo ndi mateche. Mlomo unang'ambika, nthiti zinkawawa, koma sindinamve. Ndinathamangira kushedi, kutenga chitini cha andakoti, n'kubwerera pamsewu. A Jailosi anatambasula manja kutsogolo kwa bolodi akukuwa kuti ndi lawo, anthu ayamba kale kulowa m'vidiyo. Ndinawakankha n'kukhuthulira chitini chonse pankhope ija. Penti yoyera inatsetsereka mpaka m'fumbi, ina pansapato zawo. Ndinawatukwana mawu oti sindingawalembe pano, pamaso pa akazi awo.

Nditacheuka, amayi a geni anali akudzutsa njinga zawo ndi kusenza matumba awo, mmodzimmodzi, osayang'ana a Benado kumaso. Panalibe wowakalipira. Ankangochoka basi.

A Namakhwa anatsika minibasi masana, nkhani n'kuwapeza asanafike ndi kushedi komwe. Anandipeza nditakhala pansi, magazi ndi penti pamalaya. Ndinayamba ndine kulankhula, mokweza. Ndinati wolakwa ndi Sitivi, ndipo ndikamupeza yekha aona. Ndinati a Jailosi ndi amene anandituma. Ndinati ine ndinajambula mwaulemu, sindinaonjezere kanthu, zonse zinali zoona. Anandisiya mpaka mawu anandithera, kenako anafunsa funso limodzi, ngati a Benado ndinawapempha. Ndinati ayi. Anati lamulo limenelo sanandiphunzitse chifukwa ankayesa kuti mwana aliyense woleredwa pakhomo amalidziwa, kuti nkhope ya munthu wamoyo siipita pabolodi mwini wake asanavomere.

"Wathira andakoti, chabwino. Nanga m'maso mwa anthu aja ukathiramo chiyani?"

Anavula ovolosi, kusamba m'manja, n'kunditsogolera kumtengo wa mango ngati mmene amaperekezera mwana woba nkhuku. Pansi pa mtengo panalibe njinga ngakhale imodzi. A Benado anali atakhalanso pakireti, chigongono chitasupuka, thaulo lili paphewa. Sanavutikenso kuphimba dzanja. A Namakhwa anakhala pansi n'kupepesa m'malo mwa shedi yawo, ine nditagwada pambali. Nditapatsidwa mpata ndinapepesa, koma mkwiyo unali usanathe, ndiye ndinaonjeza kuti Sitivi ndimuthyola miyendo.

A Benado anandiyang'ana ndi diso labwino lija. Anafunsa kuti za dzanjali ndinaziona liti. Ndinati kalekale, chaka chatha. Anagwedeza mutu.

"Sitivi wakhala akudutsa pano zaka zisanu, sanaone kanthu. Musiye, ndi chitsiru chabe. Amene anali ndi maso ndiwe."

Ndinafuna kuyankha, a Namakhwa n'kundigwira bondo.

"Ndinaliona bolodi lako asanaliimike bwino," anatero a Benado. "Ndine ndithu. Ngakhale malemu mkazi wanga akanandizindikira. Ukanabwera kudzandifunsa, ndikanakuuza kuti jambula zonse, koma thaulolo ulisiye pamene lili."

Sanatithamangitse, sanatikhululukire, anangotembenukira kumsewu ngati akudikira kasitomala.

Makasitomala sanabwerere. Sabata yotsatira mnyamata wina anayamba kusunga njinga pafupi ndi chigayo, ndi tcheni chachitali ndi maloko, anthu onse n'kupita kumeneko. A Benado anakhalabe pansi pa mtengo uja mwina mwezi, m'mawa mpaka madzulo, popanda chosunga. Ine ndinkapala mabolodi nditafulatira. Tsiku lina kireti inalipo koma iwo kunalibe, ndipo tinamva kuti mwana wawo wamkazi wabwera kudzawatenga kupita nawo ku Likhubula. Sindinawaonenso. A Jailosi filimu yawo anaionetsa sabata yathunthu, yodzaza, bolodi lopakidwa loyera lili pakhomo, anthu akulozerana kuti pansi apa pali nkhope ija. Sitivi mpaka pano amaikamba nkhaniyi ngati nthabwala. Ndikamuona ndimawoloka msewu, chifukwa ndimadzidziwa.

A Namakhwa sanandichotse ntchito. Anandibwezera ku sandipepa miyezi iwiri, ndipo ulendo uno sindinadandaule. Ndinakhala nawo zaka zinayi, lero ndili ndi shedi yangayanga ku Boma. Mtima wanga sunasinthe kwenikweni, ndimapsabe msanga, ndipo nkhani iyi ndikaikumbuka ndimasowa womukwiyira woposa ine mwini. Diso lakuthwa pantchito yathuyi aliyense amaliyamikira, koma palibe amene amakuuza kuti zina umaziona chifukwa mwini wake sankadziwa kuti ukuyang'ana.

Ndiye kushedi kwanga kuli kachitidwe kamodzi kosasintha. Nkhope ya munthu wamoyo ndimayamba ndi makala papepala, mwini wake atakhala pampando patsogolo panga. Ndikamaliza ndimamupatsa pepalalo m'manja n'kumufunsa kuti chimene sakufuna chioneke n'chiti. Ena amati mpata wa mano, ena dazi, ena amati jambulani zonse. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina ndi chithunzi cha apongozi ake pafoni, akufuna nkhope yawo pachikwangwani cha malo odyera, ati adzawadzidzimutse. Ndinati abwere nawo. Anakwiya, anati olemba zikwangwani ndi ambiri pa Boma pano. Ndinati n'zoona mayi, ndipo ndinawalozera njira ya kwa mnzanga.