Mpango wa Chidole cha a Noreen

A Noreen Babcock anakulira pa makina osokera. Mayi awo ankasoka mipando ya galimoto ku fakitale ina mumzinda wa Flint, ku Michigan, iwonso atangomaliza sukulu anakakhala pa makina oyandikana nawo, mpaka tsiku limene mabwana anatseka geti n'kunena kuti zikomo, mwagwira ntchito. Atavutika ndi maganyu zaka zingapo, analembedwa ku yunivesite, m'chinyumba chimene amagundanitsiramo magalimoto dala pofuna kuona momwe anthu amavulalira. Ntchito yawo inali yoveka zidole. Eya, zidole zazikulu ngati munthu, zodzaza mawaya m'khosi ndi m'chifuwa. Wina akaseka, ankamuyankha kuti zidole zawo zapulumutsa anthu ambiri kuposa pakamwa pakepo.

Chaka china yunivesite inagwirizana ndi inzake ya ku Karachi, ndipo kunabwera madokotala achinyamata kudzaphunzira kafukufuku wa ngozi. Mmodzi anali Shumaila Memon, wowonda koma wamakani. Kwawo anatopa nako kusoka amayi ogwa pa njinga zamoto. Mayi amakwera kumbuyo kwa mwamuna wake, miyendo yonse mbali imodzi, mpango wautali uli m'khosi. Nsonga ikangokodwa m'masipoko, tayala limamukokera pamsewu. Ena ankafika kuchipatala khosi litathyoka kale. Shumaila ankafuna umboni woti kachotchinga ka waya pa tayala kangathetse zimenezi, kuti anthu akwawo asiye kumuuza kuti ndi tsoka chabe.

Koma choyamba anayenera kusonyeza kuti mpango umakodwadi. Anasiyira a Noreen mpango wake wobiriwira kuti aveke chidole, n'kuthamangira m'kalasi. Akatswiri oyendetsa makina anamangirira njinga pa zogudubuza, anakweza chidole, anayatsa chifani chachikulu choti chipereke mphepo, tayala likuzungulira. Mpango uli phee. Anabwereza masiku angapo, Shumaila akungolandira zotsatira ali m'kalasi, palibe chochitika. Pulofesa Halvorsen, woyang'anira ophunzirawo, munthu wabwinobwino ndithu, anaitana Shumaila.

"Dokotala, sindikukutsutsani ayi. Koma makina sakuona kanthu. Zikapitirira chonchi musankhe mutu wina, nthawi yanu kuno ikutha."

Shumaila anatsikira kuchinyumba kuja maso atafiira. Anapeza a Noreen akukonza chidole. Anaima, n'kuyang'anitsitsa. Kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira khoma.

"Anti! Mwatani apa? Chidolechi chikupita kukachotsa chipale chofewa pakhomo?"

Mpango uja unali utakulungidwa m'khosi, mfundo ili gwa pansi pa chibwano, nsonga zitapisiridwa bwinobwino m'malaya. Nanga mayi wa ku Michigan, wolera ana m'chisanu choluma makutu, mumati auveke bwanji?

"Nanga mpango amavala bwanji, mwanawe? Ukufuna chidwale chibayo?" anafunsa a Noreen.

"Kwathu kutentha kwake munthu amapsa ali chiimire! Sitimanga, Anti. Timangouponya." Anaumasula, n'kuugoneka pachifuwa pa chidole, nsonga ziwiri zikulendewera kumsana.

Manyazi anawagwira a Noreen. Mwana wa eni wawoloka nyanja, ndipo ntchito yake yatsala pang'ono kufera pa mfundo yawo! Koma iwo si mayi wokhalira kudziguguda.

"Ndiveke ineyo. Sindiveka chidole chinthu chimene thupi langa silikuchidziwa."

Loweruka anaitana mlamu wawo Duane, wanjinga yamoto yaphokoso. Anatchinga masipoko ndi makatoni, a Noreen n'kukwera chammbali, mpango uli m'khosi, ndipo anayamba kuzungulira pabwalo loimikapo magalimoto.

"Mlamu, ukalamba wakuyambani ndi mbali iti?" anafunsa Duane akuseka.

"Yang'ana kutsogolo, chitsiru iwe! Pang'onopang'ono!"

Pokhota ndi pomwe anazimva. Anapendekeka kuti agwire Duane m'chiuno, mpango unatereka paphewa, nsonga imodzi n'kutsika mpaka kukanda katoni. Thupi lonse linachita tsemwe. Ha! Kodi amayi aja amayenda nayo imfa pafupi chonchi? Anatsika mutu ukugwira kale ntchito. Malaya a zidole zawo anali okhakhala, mpango sukanaterekapo. Anapempha diresi la Shumaila, anakagula nsalu yoterera yofanana nalo, n'kusokera chidole malaya atsopano. Anachikhazikanso chopendekeka monga anapendekekera iwo.

Tsiku loyesa Pulofesa anabwera yekha kudzaona. Chifani chinalira, tayala linazungulira. Mpango unatereka pang'onopang'ono, nsonga n'kunyambita masipoko. Kwapu! Chidole chinagwetsedwa chagada, mutu n'kumenya pansi, khu! Muyeso wa m'khosi unakwera mpaka pofiira. Amakina anakuwa ndi kuwomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa, Pulofesa atagwira pakamwa. Shumaila yekha sanawombe nawo m'manja, poti iye zimenezi anali ataziona pa anthu amoyo.

"Ikani chotchinga," anatero motsitsa mawu.

A Noreen anadzutsa chidole, anachipukuta, anachivekanso, nsonga zikulendewera monga anaphunzitsidwira. Makina anayatsidwa. Mpango unatereka ngati poyamba, unatsika, unamenya pa waya. Unakupiza, unakupizanso, ukufunafuna polowera. Osapapeza! Anawonjezera liwiro, chidole chili khale. Anawonjezeranso mpaka njinga kunjenjemera, chidole chikadali pomwepo.

"Dokotala, mutu wanu ndi womwewu," anatero Pulofesa. "Ndipo anzanu a ku Karachi aone zimenezi lero."

Apa ndiye Shumaila analira, misozi yachimwemwe, atakumbatira a Noreen mpaka magalasi awo kupendekeka. Wamakina wina anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Usazimitse!" anakuwa a Noreen, maso ali pa chidole. "Musiye mayiyu akafike kwawo."