Kutsuka Khoma Alendo Asanabwere

Mtsikana wathu atandiuza kuti akuchimuna akufuna kudzaonekera, ndinasangalala kwa kanthawi kochepa chabe. Chisangalalocho anachidula yekha. Anati mwina zingakhale bwino tikakumane ku Indianapolis, mu lesitilanti ina ya pa Lafayette Road, poti abale a mnyamatayo ambiri amakhala kumeneko.

Ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake atamwalira tinamutenga akadali wamng'ono, n'kudzakulira m'nyumba mwathu muno mu South Bend. Ine ndiye malume ake, ine ndiye bambo, inenso ndiye nkhoswe. Ndiye ndi imvi zangazi ndikalandirire mawu a ukwati patebulo la eni, woperekera zakudya akudutsadutsa ndi mbale? Ndinakanitsitsa. Mwana amafunsiridwa pakhomo pomwe wakulira, kuti anthuwo aone kumene akutenga munthu. Iye sanatsutse. Anangoyang'ana pawindo n'kunena chapansipansi, ndi Chichewa chake chosakaniza chija:

"Malume, koma khoma la ku driveway mwaliona? Lonse lili green."

Ndinatuluka kukaona. Khoma limenelo ndimalidutsa tsiku ndi tsiku popita kuchipatala komwe ndimagwira ntchito, koma ndinali ndisanaliyang'anepo ndi maso a mlendo. Nyumba za kuno kunja kwake si njerwa. Amakhomerera timatabwa tapulasitiki titalititali, tosanjikizana kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo amati saiding'i. Yathu poigula inali yoyera mbee. Tsopano mbali ya kumpoto, komwe mtengo wa aneba umatchinga dzuwa, inali itachita ndere ngati mwala wa pachitsime. Alendo akadzaimika galimoto, choyamba kuwalonjera chidzakhala chimenechi. Amalawife kuno tilipo ochepa, ndipo nkhani ikanyamuka ku South Bend m'mawa, pofika madzulo yazungulira Indianapolis yense. Ndinkawamva kale akunong'onezana kuti mtsikanayo ndi wabwino, koma kumene akuchokera n'kwa uve.

Kwathu ndikanangogula laimu, n'kupaka tsiku limodzi, nyumba n'kuwala. Nditatchula zimenezi, mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira chitseko. Anandifunsa ngati ndinaonapo laimu atagwira pa beseni. Ndiye ndinatenga ndowa, sopo ndi burashi. Ndinakwecha masana onse, phewa likulira, koma pomwe panayera panali pongokwana kubisapo chitseko chimodzi. Choipa china, kachigamba koyerako kanachititsa kuti kwinako kuoneke konyansa koposa kale. Alendo anali oti abwera Loweruka la sabata yomweyo.

Mnzanga wina amene tinkapemphera naye kuno asanasamukire ku Speedway, dera la ku Indianapolis, ali ndi makina otsukira ndi madzi amphamvu, aja timangoti puleshawosha. Mayi anati makina otere amabwereketsa kuno komwe, koma ine ndinkafuna munthu woti andifotokozere m'Chichewa, ndikapanda kumva ndifunsenso popanda manyazi. Ndinayenda ulendo wonse uja wa ku Indianapolis, minda ya chimanga uku ndi uku, ndikupemphera kuti ndisakumane ndi wachibale aliyense wa mnyamatayo makinawo ali m'galimoto.

Mnzangayo anandiimika m'galaja mwake n'kundionetsa timilomo tomwe amavala kunsonga kwa mfuti ya madziyo, kalikonse ndi mtundu wake.

"Kofiiraka musakakhudze, achimwene, kamaboola pulasitiki. Kakudaka n'ka sopo. Mukapaka sopo muyambire pansi kukwera m'mwamba, mudikire pang'ono, kenako muvale koyeraka mutsukuluze kuchokera m'mwamba kutsika. Muime patali ndithu. Ndipo chonde, musaka-spraye cholozetsa kumwamba."

Ndinavomera zonse ndi mutu. Anandiperekeza mpaka pamsewu akundiseka kuti ukwati wa mwana ukundiyeretsa kuposa Khirisimasi.

Lachinayi ndinapempha tchuthi. Ndinalumikiza paipi, n'kukoka chingwe cha injini, makina n'kubangula mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa. Nditafinya mfutiyo inandikankha, ndinachita kupondetsa mwendo. Koma abale, zinthu zina n'zokoma! Ndere yomwe inandithyola phewa ija inkangosungunuka n'kutsika, madzi obiriwira akuyenderera pansi. Kathabwa kalikonse ndinkakatsata kuchokera uku mpaka uko, n'kutsikira pa kanzake. Pomwe ndinakwecha masana athunthu, makinawo anapadutsa ndisanamalize n'komwe vesi yoyamba ya nyimbo yomwe ndinkaimba.

Vuto linabwera nditamaliza pomwe mkono umafika. Pamwamba pa windo la pabalaza, mpaka kukafika kudenga, ndere inali idakali gwaa. Ndinakatenga makwerero, koma mayi ananditsekereza pakhomo.

"Ndi chimfuti chokankhacho? Mukagwa apo, alendo aja adzabwera kumaliro, osati kuukwati."

Ndinabweza makwerero. Ndinaima pansi, n'kuyandikira khoma, n'kuloza mfuti ija kumwamba. Mawu a mnzanga aja ndinawakumbukira ndithu, koma ndinkaganiza kuti amaopa kuti madzi angandigwere kumaso. Ine ndinakulira m'nyumba ya njerwa zowotcha, yomwe ungaikhuthulire mgolo wonse kuchokera kulikonse, m'kati osamva kanthu. Khoma ndi khoma, ndinatero mumtima. Ndere ya m'mwamba inayamba kuchoka bwinobwino, ine n'kumapitiriza, mpaka ndinaona mayi akumenya galasi la windo ndi manja onse awiri, pakamwa pali yasa, mawu osamveka chifukwa cha injini.

Ndinazimitsa injini n'kuthamangira pabalaza. Madzi ankatuluka m'mphepete mwa windo, n'kutsetsereka pakhoma la m'kati, lomwe kuno limakhala la bolodi yofewa ngati choko. Utoto unali utatupa. Kapeti pansi pa windo inali nyowee, ukapondapo madzi n'kutuluka pakati pa zala. Ndipo chipinda chake n'chomwechi, chomwe tinkati tidzakhazikemo alendo.

Ndinamuimbira foni mnzanga uja. Anayamba wapuma kaye.

"Achimwene, ndinakuuzani bwanji? Timatabwa timeneto anatisanjika kuti tizikana mvula yochokera kumwamba. Inu mwabweretsa mvula yochokera pansi, ndiye yalowa kunsi kwake."

Anati madzi a kuseri kwa saiding'i adzatuluka okha pa timabowo ta kunsi, koma kapeti ndi khoma la m'kati zimafuna masiku. Nditsegule mawindo, ndiyatse mafani onse amene ndili nawo.

Mtsikana wathu anafika kuchokera kuntchito ndili chogwada, ndikufinya matawulo mu ndowa. Anaponda pakapeti, n'kuyang'ana sokosi yake, n'kuyang'ana ine.

"Malume, ndikhoza kuwa-texta. Malo a ku lesitilanti aja tikhoza kuwabukabe."

Kunena zoona ndinali ndi mantha, ndipo pang'ono n'kanavomera. Ndinkaona alendo akulowa m'nyumba yonunkha chinyezi, akuyang'anana, akufupikitsa nkhani. Ndinkaona mwanayu akuchita manyazi chifukwa cha ine, pa tsiku lomwe mayi ake akanafuna kuti ayende mutu uli m'mwamba. Koma kukakhala mu lesitilanti kunali ngati kuvomera kuti mwana wa mlongo wanga alibe kwawo. Ndinamuuza kuti alendo adzafikira pano. Iye anavula sokosi, n'kugwada pafupi nane, tinayamba kukanganula kapeti kukona kuti mphepo ilowe kunsi.

Mawa lake ndinamaliza mbali yotsalayo mwaulemu. Pofika mkono ndinkaimika mfuti molunjika, nditatalikira. Pamwamba ndinamangirira burashi ku mtengo wautali, n'kutsukuluza ndi paipi wamba, madzi ndikuwaponya m'mwamba kuti azigwa okha ngati mvula. Khoma linayera. Koma ine maso anali m'nyumba, komwe mafani atatu ankalira osapuma. Ndinkangolowalowa kukagwira kapeti ndi chikhatho. Pamwamba inkaoneka youma, koma ukakanikiza, chinyezi chinkabwera.

Loweruka m'mawa mayi anayala kakapeti kena kakang'ono pamalopo, n'kuikapo mpando waukulu kuti munthu asapondepo. Potupa utoto paja anakankhirapo kabati. Ndinavala jekete, thukuta likutsika kumsana ngakhale kunja kunali kamphepo.

Anafika pa galimoto ziwiri. Anatsika amalume a mnyamatayo, omwe anali bambo wamtali wolankhula modekha, azakhali a mnyamatayo, ndi ena ochepa. Anaima panja n'kuodira ngati kwathu, ngakhale belu lili pomwepo. Pakhomo onse anavula nsapato, ine mtima uli m'malere kuyang'ana sokosi zawo. Azibambo anakhala pasofa. Mayi analozera azakhali aja mpando waukulu uja, koma iwo anapukusa mutu.

"Iyayi, mayi. Nkhani ngati iyi ife sitikhalira pampando. Tabwera kudzapempha."

Anaugwira mpando uja okha n'kuukankhira pambali. Anakonza chitenje chawo, n'kukhala pansi, pa kakapeti kaja, pansi pa windo penipeni, miyendo atatambasula. Ndinayang'ana mayi, mayi anayang'ana kudenga.

Amalume aja anayamba kulankhula, mawu okoma, oyenda pang'onopang'ono monga mwa mwambo, koma ine ndinkangomva theka. Ndinkawerengera mumtima kuti madzi adutsa kakapeti, adutsa chitenje, tsopano afika pa diresi. Azakhaliwo anasuntha kamodzi. Anangopinda manja pamiyendo n'kumavomereza ndi mutu zomwe amalume aja ankanena. Itafika nthawi yanga ndinayankha, ngakhale sindikumbuka bwino zomwe ndinanena. Kenako ndinaitana mtsikana wathu. Analowa n'kugwada pafupi ndi chitseko, ndipo ndinamufunsa ngati anthu awa akuwadziwa.

"Ndikuwadziwa, malume," anatero, m'Chichewa choyera, chopanda liwu limodzi lachingerezi.

Azimayi analuluta, tinapemphera, tinadya. Nthawi yonseyi azakhali aja sanachoke pamalo paja, mbale anailandirira pomwepo. Potsanzikana anadzuka mogwira bondo, ndipo ndinachiona ndi maso angawa, chigamba chonyowa kumbuyo kwa chitenje, chachikulu ngati mbale. Iwo anatembenukira kukhoma, anamasula chitenjecho, n'kuchimanganso konyowako kuli m'kati, ngati munthu amene akungokonza zovala.

Panja, ena akulowa m'galimoto, azakhali aja anatsalira n'kuima pafupi nane. Anayang'ana khoma lija kuchokera pansi mpaka kudenga. Kunsi kwa kathabwa kena kunkadonthabe timadzi.

"Bambo, mwavutika nafe," anatero motsitsa mawu. "Madzi aja ndawamva. Kutsukira alendo nyumba mpaka m'kati mwa khoma! Pitani mukapume, mwana tamuona ndipo pakhomo tapaona."

Ndinaseka, manyazi ndi mpumulo zitasakanikirana. Pamenepo mtsikana wathu anatuluka kudzaperekeza alendo. Azakhali aja anamugwira dzanja, n'kumutcha mayi wathu, ndipo anayenda naye chotero mpaka kumsewu, akumuuza zinazake zomwe ine sindinamve. Iye ankaseka, atapendekera mutu kwa iwo, osacheuka.

Sabata yonse ija ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti anthuwa adzaona pakhomo pathu n'kubwerera osamufuna mwanayu. Sindinakhalepo pansi n'kuganiza zomwe zidzachitike akamufuna. Ndinaima pamenepo nditatsamira khoma langa loyera, jekete ikunyowa paphewa, ndikuyang'ana mwana wa mlongo wanga ali pakati pa anthu a eni, ndipo chisoni chinandigwira. Mayi anandiitana kuti ndikathandize kuchotsa mbale, koma ndinawauza kuti ayambe, ndibwera.