Anatidulira denga, tsopano akuti tigwetse khoma

Khoma la kumaso kwa tchalitchi chathu likuola. Likuolera mkati, kuseri kwa matailosi okongola amene sitolo ina ya zomangira ya ku Old Town inatimatira. Ndipo eni sitoloyo akuti mlandu ndi wathu. Akuti tiligwetse.

Ine sindine munthu waphokoso. Nkhaniyi ndaipempherera, ndadikira kuti mtima uzizire. Koma mipingo ndi masukulu ambiri akumanga m'ma Area atsopanowa, ndipo ndikakhala chete wina adzagwa m'mbuna yomweyi ine ndikuona. Choncho ndimvereni, abale.

Tchalitchichi tinachimanga ndi manja athu, chaka chimene ofesi yathu inasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Mumpingo muli ife obwera, mulinso eni nthaka a m'midzi yozungulira. Amayi ndiwo anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziotcha. Malemu mayi a kunyumba kwanga, a Nangondo, anaumba nawo m'chilimwe chawo chomaliza. Anali atayamba kale kudwala, koma chikombole sanachisiye. Simenti inkasowa, yonse inkathera ku nyumba zazikulu, ndiye khoma tinalimanga ndi matope. Malata anatulukira kutsogolo ngati chipewa, mvula n'kumagwera patali. Khoma linali louma gwa.

Chinatisokoneza ndi maso. Tsiku ndi tsiku timadutsa ku City Centre popita ku ntchito. Nyumba za kumeneko denga silioneka. Ina yavala magalasi, ina miyala, ina mizere ya konkire yotchinga dzuwa. Tinayamba kuchita manyazi ndi njerwa zathu zofiira. Akulu a mpingo anatuma anthu awiri kukafunsa ku sitolo: ine ndi a Nyirenda, mkulu mnzanga wochokera kumpoto, munthu wabwino koma wa mtima wapachala.

Anatilandira ndi bambo wina wa tayi yofiira. Anatipatsa mipando. Anationetsa kakhoma kachitsanzo kamene anamatapo zinthu zosiyanasiyana. Anati masiku ano nyumba imavala ngati munthu. Anati njerwa zamabowo n'zolowetsa mphepo ndi kuchepetsa dzuwa, miyala yosema ndi ya mabanki, magalasi ndi a maofesi ofuna kuwala, mapepala a simenti ndi okhomera pa matabwa. Koma nyumba ya Mulungu, anatero, iyenera matailosi, pakuti mvula imangotsetsereka ndipo fumbi lofiira la Lilongwe mumangolitsuka ndi madzi.

Ndinamuuza poyera. "Bambo, khoma lathu n'lomanga ndi matope."

Anaseka. "Madala, tailosi safunsa zimenezo. Pamene mwamuika ndi pomwepo."

A Nyirenda anabwerezanso, pang'onopang'ono, monga amachitira powerenga Mawu. Matope, osati simenti. Bamboyo anagwedeza mutu, nati tisadandaule, iwo ndiwo akatswiri.

Amisiri awo anabwera pa lole ya sitoloyo. Chida choyamba kutsika sichinali chomatira ayi. Inali sowo. Anakwera pamwamba n'kuyamba kudula mitengo ya denga imene inatulukira kutsogolo, malata n'kuwabweza m'mbuyo. A Nachisale, mtsogoleri wa amayi, anali pomwepo akusesa. Anaponya tsache pansi.

"Ana inu, mukuivula nyumba chipewa dzinja lili pakhomo?"

Kapitawo anayankha ali pamwamba. "Amayi, tchalitchi chamakono sichionetsa denga. Kapena mukufuna chizioneka ngati chigafa cha fodya?"

"Chigafa changa sichinadonthepo," anatero a Nachisale. Amisiri anaseka, sowo n'kupitiriza.

Anakweza khoma kupitirira denga, nalimata matailosi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pamutu pa khomalo anasiya poyera. Nditafunsa, anati kubwera munthu wina kudzatsekapo ndi konkire. Munthu ameneyo mpaka lero akubwerabe.

Sindinama, chinakongola. Anthu ankatsika panjinga kuti aone.

Kenaka mvula inagwa.

Linayamba ndi fungo, lija la m'nkhokwe yonyowa. Kenaka banga lakuda mkati, pamwamba pa chitseko. Njereza inayamba kusupuka. Lamulungu lina tili pakati pa nyimbo tinamva phwaa! panja. Tailosi anagwera pa sitepe, pamene ana amakhala akatuluka ku Sande sukulu. Mulungu yekha anachita kuti panalibe mwana. Titaweruka ndinagogoda khoma lija. Linalira ngati ng'oma. Ndinapisa chala pamene panachoka tailosi, ndipo matope anatuluka ngati phala. Madzi amalowera pamutu paja, natsikira kuseri kwa matailosi, ndipo potulukira alibe. Dzuwa likawala, khoma silingaume, pakuti lavala.

Lolemba m'mawa tinapita ku sitolo. Ulendo uno mipando inali itatha. Mtsikana wa pa kauntala anati bwana apita ku Blantyre. Ine ndikuona tayi yofiira ikuyendayenda kuseri kwa zenera la ofesi. Kapena tayi inatsala, mwini wake n'kupita? Sindinatsutse. Ndinathokoza, tinabwerera.

Ulendo wachiwiri anatiuza kuti amisiri aja sanali awo, anali aganyu chabe. Aganyu oyenda pa lole yolembedwa dzina la sitolo? Aganyu amene bwana yemwe anatilozera ndi chala chake?

Ulendo wachitatu ndinapempha chilolezo ku ntchito, ndinakakhala pa thumba la simenti pafupi ndi khomo, a Nyirenda ali pambali panga, n'kuuza mtsikanayo kuti ndidikira mpaka bwana abwere kuchokera ku Blantyre. Anabwera dzuwa lisanafike pamutu, kudzera pa chitseko cha ofesi yake.

Anati za matope sakuzikumbuka. Anati tikanamuuza, sakanalola. A Nyirenda anadzuka.

"Mukuti vichi, adada? Sitinakuuzeni? Ine ndi pakamwa panga pano?"

Ndinawagwira mkono. Bamboyo anapitiriza. Anati matailosi ake alibe vuto, ali pa nyumba zazikulu ndipo sagwa. Anati vuto ndi njerwa za kumudzi, zoumba amayi osadziwa kanthu, zimamwa madzi ngati chinkhupule.

Apo ndinayang'ana pansi, ndinatchula dzina la Ambuye mumtima. Sindinamuuze kuti mmodzi wa amayi osadziwa kanthuwo ndinamuika m'manda ndi manja anga. Si nkhani yoikamba m'sitolo.

Ndiye anabwera ndi chithandizo chake. Anati tigwetse khoma lonse la kumaso, timangenso ndi mabuloko a simenti. Anati mwamwayi iwo ayamba kuumba mabuloko kuseri kwa sitolo. Anatitengera komweko. Ndipo analoza mulu wina wosanjidwa padera, nati uwu ukwanira khoma lanu ndendende.

Ndendende.

Abale, munthu ameneyu sanapondeko ku tchalitchi chiyambire mvula. Kwa milungu yonseyi akuti anali ku Blantyre. Khoma lathu sakulikumbuka. Koma mabuloko ake anawawerengera kale, n'kuwaika pambali. Anawasanja liti? Tisanabwere kudzadandaula, kapena tisanamate n'komwe?

Potuluka ndinayang'ananso kakhoma kachitsanzo kaja. Kali pansi pa khonde lalikulu la malata. Dontho la mvula silinakakhudzepo. Sitolo yawo yavala chipewa chachikulu kuposa chimene anatidulira ife.

Sindikunena kuti anachita dala. Mtima wa munthu amaudziwa ndi Mulungu, ndipo ine ndidzayankha pa mawu alionse amene ndalemba pano. Koma kufunsa si tchimo. Katswiri amene wauzidwa kawiri kuti khoma n'la matope, amalidulira denga chifukwa chiyani? Pamutu pa khoma anasiyiranji poyera mitambo itayamba kale kusonkhana? N'chifukwa chiyani mankhwala anali okonzeka wodwala asanafike? Ndipo ndi makoma angati m'tauni muno amene akuola chonchi, mabuloko ake akudikira kuseri kuja?

Inu amene mukumanga, musatengeke ndi zonyezimira. Nyumba za ku City Centre n'za konkire ndi zitsulo, zingathe kuyenda mutu uli pamtunda. Khoma la matope moyo wake ndi denga. Wina akabwera ndi sowo, mubwezeni. Akakuonetsani chitsanzo, mufunseni kuti akuonetseni chimene chagona panja dzinja lathunthu. Ndipo polankhula naye mutenge mboni zoposa ziwiri, chifukwa ziwiri kwa iye sizikwanira.

Mpingo unakumana. Ena anati tingogwetsa, ana angavulale, ndipo sindikuwadzudzula. Pakhomo la kumaso tatchingapo ndi nsungwi, tikulowera chitseko cha m'mbali. Koma tagwirizana chimodzi. Loweruka likudzali tichotsa matailosi onse ndi manja athu, tibwezeretse denga, khoma lipume. Pamene matope asungunuka tidzaphwasula bwinobwino, njerwa imodziimodzi, n'kumanganso ndi njerwa zomwezo. Buloko la sitoloyo silidzalowa pa bwalo lathu.

Inu bambo a tayi yofiira, tikukuitanani mwaulemu. Bwerani Loweruka m'mawa. Mawu aja munanena m'sitolo, mudzawanene pamaso pa amayi amene anaumba njerwazo. A Nachisale akuti adzakupatsani hamala, njerwa mudzasankhe nokha pakhomapo, muiswe mpingo wonse ukuona. Ikakhala yoola mkati, ine ndidzaimirira n'kukupepesani pamaso pa onse.

Mukapanda kubwera, yankho lanu tidzakhala talimva.