Boti la Amayi ndi Anthu Otiperekeza

Ku West Bromwich kulibe nyanja. Kuli ngalande za madzi akuda zodutsa kuseri kwa mafakitale, ndipo zomwe ndinkaonamo ndili mwana ndi matayala akutha ndi abakha osadziwa kunyansidwa. N'chifukwa chake ndikukumbukira bwino tsiku lomwe abambo anatiitanira kukhitchini, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yamikani, n'kutseka chitseko, n'kutiuza monong'ona kuti Loweruka la sabata yamawa tikakwera boti panyanja yamchere.

Ndinali ndi zaka naini. Amayi ndiwo anayamba kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unesi, ndipo anakhala okha zaka zitatu ife tisanawalondole. Sankapempha kanthu. Koma tsiku lina akusita yunifolomu ananena, ngati akulankhula ndi simbi, kuti asanakalambe akufuna adzaone dzuwa likulowa m'madzi iwo ali pakati pa nyanja. Abambo anamva, chomwe sichinkachitika kawirikawiri. Anafunsafunsa kwa anzawo kuntchito mpaka anapeza mkulu wina wa boti m'katauni ka m'mbali mwa nyanja ku Wales, n'kubukitsa ulendo wamadzulo.

"Ndi private," anatero abambo. "Ife anayi basi, ndi mwini boti. Amayi anu ndidzawauza ndekha. Munthu wina asamve."

Chinsinsicho ndinachisunga masiku anayi, omwe kwa ine anali ambiri. Lamlungu kutchalitchi ku Oldbury, muholo yomwe tinkabwereka, ndinauza mnzanga Chisomo yekha, ndipo ndinamulumbiritsa. Chisomo naye anali wokhulupirika, anangouza amayi ake okha. Amayi akewo sanauze aliyense kupatula amayi busa, kuti atiyike m'mapemphero a paulendo.

Loweruka m'mawa amayi anavala diresi la buluu lomwe linakhala m'wadirobu chaka chonse kudikira tsiku loyenera. Anali atalukitsa tsitsi. Ankayimba pomanga nsapato za Yamikani, ndipo ine ndinali ndisanawaonepo akusangalala choncho m'dziko muno. Kenako panja panalira hutala.

Inali minibasi. Woyamba kutsika anali amalume a Tembo, bambo ake a Chisomo. Sanali amalume a magazi, kwawo kunali ku Chipata, koma kuno aliyense womva "muli bwanji" ndi m'bale. Pambuyo pawo panali akazi awo, Chisomo, amayi busa, mchemwali wa amayi busa yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Dedza, ndi anyamata anayi ophunzira ku Coventry omwe ankapezeka paliponse pomwe pali chakudya.

"Odi kuno! Tamva kuti muli pa ulendo," anatero amalume. "Musadandaule, ife tangobwera kudzakuperekezani. Kuyenda awiri si mantha."

Kwathu munthu amamuperekeza mpaka pamphambano, akakhala wokondedwa kwambiri mpaka pasiteji. Amalume a Tembo anatiperekeza maola atatu, kutuluka m'dziko la England, ndi mapoto a mpunga, nkhuku yokazinga ndi ndowa ya mandasi. Abambo sanathe kukana. Munthu amene anakulandira pabwalo la ndege n'kukubwereka jekete yako yoyamba sungamuuze kuti abwerere pakhomo. Anangondiyang'ana kamodzi, ine n'kuyamba kuchita chidwi ndi nsapato zanga.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mphepo inali ya mchere, ikununkha ndere zowola ndi mafuta okazingira tchipisi, mbalame zoyera zikulira ngati zalandidwa katundu. Nyanja inalowa mkati mwa mtunda, mapiri akuizinga uku ndi uku, ndipo tsidya lake silinkaoneka. Boti linali loyera, laling'ono, lili ndi mabulangete opinda bwino ndi kathebulo komwe panali maluwa ndi matambula awiri. Abambo ndiwo anapempha maluwawo. Amayi atawaona anagwira pakamwa.

Mwini boti, mzungu wachikulire wofiira nkhope, anatiwerenga kawiri. Tinalipo anthu khumi ndi atatu. Anatiloza majekete oyandamitsa munthu m'madzi omwe anapachika pachitsulo, n'kunena mawu amodzi okha: "Eight." Amalume anayesa kumufotokozera kuti ana atatufe tikhoza kuwerengedwa ngati munthu mmodzi, monga zimakhalira m'minibasi. Mkuluyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kubwereza mawu omwe aja.

Apa panayambika mwambo wokanirana. Aliyense ankati "ayi, pitani inu, ife tingoonera pompano," uku mapazi akusendera kuboti. Anyamata aja anadziwa okha msinkhu wawo, anapatuka. Tinalowa ife anayi, amayi busa, amalume, akazi awo ndi Chisomo. Majekete anatha. Amayi anali atamanga kale yawo pamwamba pa diresi lija, atakhala pafupi ndi maluwa.

Pamtunda panatsala mayi wa ku Dedza uja, atagwira kachikwama ndi manja onse awiri. Ndinaona amayi akumuyang'ana, ndipo ndinadziwiratu chimene achite. Anayamba kumasula malamba a jekete.

"Amake Tadala, khalani pansi," anatero abambo. "Nditsika ndine."

"Mwini ulendo satsala," anayankha amayi. "Mlendo ndi mame, mawa lino abwerera kwawo. Ife nyanja ilipobe."

Anakwera masitepe kubwerera kumtunda, n'kumuveka okha mayiyo jekete. Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi, chifukwa zonsezi zinatuluka pakamwa panga. Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndikatsika ine, malo apezeka, amayi abwerera. Ndinagwira pamimba n'kuyamba kubuula mwamphamvu, mpaka mwini boti anasuntha mabulangete ake.

Nzeruyo inali ndi bowo limodzi. Mayi wa Chimalawi sasiya mwana wodwala pamtunda n'kupita kukaona dzuwa. Amayi ananditsitsa, n'kundikhazika pakhoma la miyala la padoko. Ndisanamalize n'komwe kubuula, mmodzi mwa anyamata a ku Coventry anali atavala jekete yanga, akukweza dzanja kutitsanzika.

Injini inalira, boti linanyamuka. Anyamata otsalawo anapita kukafuna tchipisi. Amayi anandigwira pamphumi, n'kundidina pamimba ndi zala ziwiri.

"Pakupweteka apa?"

"A bit," ndinayankha.

"Iwe Tadala, ine ndine nesi. Odwala enieni sasuzumira ndi diso limodzi."

Ndinalira zenizeni tsopano, ndipo ndinaulula zonse, za Chisomo ndi za kulumbiritsa. Sanandikalipire. Anandifunditsa chitenje, natsegula ndowa ya mandasi. Tinakhala pamenepo miyendo ili lendee, mwala ukuzizira kunsi kwathu. Dzuwa linalowa kuseri kwa phiri la kumanzere, moti pomwe tinali ife sitinalione likugwira madzi. Tinangoona kumwamba kukufiira, ndi boti lili patali, kukumveka kwaya ya amayi busa pang'onopang'ono pamwamba pa mafunde. Amayi anapukuta m'maso kamodzi, akuti inali mphepo.

Atabwerako, onse anayamikira kwambiri. Mayi wa ku Dedza anagwada powathokoza amayi. Amalume anati ulendo wina tidzabukitse boti lalikulupo. Abambo anatsika atanyamula maluwa aja, ndipo mnyamata wa jekete yanga anatiuza kuti ulendo wonse abambowo anakhala atafulatira dzuwa, akuyang'ana kumtunda. Abambo sanandilankhule mpaka Lachitatu.

Nyanja inalipobe, koma panadutsa zaka zoposa makumi awiri tisanabwerereko. Masiku ano zinthu zinasintha. Palibe amene amaliza hutala pakhomo asanatumize uthenga pafoni, ndipo ngakhale watumiza, ukhoza kuyankha kuti watanganidwa, iye n'kumvetsa. Anyamata aja anabalalika, wina ku Canada, wina anabwerera kumudzi. Chisomo timaonana pamaukwati. Amalume a Tembo anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo thupi lawo linapita kukagona ku Chipata.

Chaka chatha, amayi atapuma pantchito, ndinabukitsa boti padoko lomwe lija. Ndinawatenga awiriwo pagalimoto yanga kuchokera ku West Bromwich, ndipo palibe anatitsatira. Tinalowa atatu, Yamikani anali kuntchito. Nyanja inali bata, kumwamba kopanda mtambo. Titafika pakati, amayi anayang'ana mabenchi opanda anthu, kenako anayang'ana ine.

"Malo onsewa, Tadala. Sunauze munthu ngakhale mmodzi?"

"Ndi private, amayi."

Anasalaza bulangete pamaondo.

"Akanakhalapo a Tembo, akanamva ndithu," anatero.

Kenako anatembenuka, n'kuliyang'ana dzuwa mpaka linamira lonse, abambo atawagwirira chikwama.