Mzere wa Mchere Pakhoma

Mliri utabwera, hotela yomwe ndinkagwirako ntchito ku Festival City, kudziko lakutali kutsidya kwa nyanja, inatsekedwa, alendo onse balalabalala. Oyeretsa tinatsala ochepa. Ine anandipatsa khoma la m'mphepete mwa madzi, kuti m'mawa uliwonse ndizikwecha mzere woyera wa mchere womwe nyanja imasiya ikaphwera. Ntchito yopanda mutu! Wakwecha lero, mawa wabwereranso.

Mzerewo unkandikumbutsa bambo anga. Kwathu ku Nsanje, kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa bwemba, ndipo chaka chilichonse madzi osefukira akaphwa, bambo ankatema ndi chikwanje pamene afika. Ndili mwana zipserazo zinkalekeza m'mawondo mwawo. Chaka chomwe ndinkanyamuka, chatsopano chinali pachifuwa panga. Ndinawachonderera kuti asamukire kumtunda, koma anakanitsitsa, amvekere nanga mtengowo azitema ndani.

Tsiku lina ndinatenga kiyi n'kukanda khoma lija pamene madzi anafika. Injiniya wathu, mayi wa ku Zambia wanthabwala, anandipezerera. Mumtima ndinati basi, khalas, ntchito yatha. Koma anangoseka, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuyeza nyanja ndi kiyi. Kenako anandifotokozera kuti kumalekezero a dziko kuli madzi oundana aatali ngati mapiri, ndipo akusungunuka chifukwa dziko latentha. Madziwo akuthira m'nyanja, nyanja ikukwera pang'onopang'ono, ndipo nyanja yofundayo ndiyo ikutumiza anamondwe kwathu kudzera ku Mozambique.

Ndinawaimbira bambo tsiku lomwelo. Ndinawauza za madzi oundana aja, kuti madziwa sadzabwereranso m'mbuyo, ndipo maulendo akangotsegulidwa ndikubwera kudzawasamutsa, afune asafune. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ayisi wa kutaliko afike ku Nsanje? Mwana wanga, iwe tema khoma lakolo, ine nditema mtengo wanga. Ukabwera tidzayerekeze."

Ndinapsa mtima n'kudula foni. Mpaka lero ndimanong'oneza bondo.

Chifuwa chija sichinali cha kuseka. Anamwalira mvula ili pakati, ine ndikudikirabe chilolezo chopita. Manda a makolo anali atamira, choncho anakawaika kumtunda komwe ankakana kuja. Maliro ndinaonera pa foni, mlongo wanga akundionetsa, nditakhala pabedi m'nyumba ya kampani.

Madzi ataphwa ndinamufunsa mlongo wangayo ngati wina watema mtengo. Anati matope alekeza pamwamba, pomwe iye safikira, ndipo chikwanje cha bambo chinapita ndi madzi.

Ndimawasowa bambo aja, ndi makani awo omwe. M'mawa mwake ndinapita kukhoma ndi kiyi. Ndinakanda pamene nyanja inafika, kenako ndinatambasula mkono n'kukandanso pamwamba pa mutu wanga, m'malo mwawo. Woyerekeza naye ndiye ndinalibe.